Miyala ya Bambo Ili Kuti?

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kunja kuno ku Scarborough tili bwino, kungozizira.

Mwana wanga Tadala wabwerako ku dziko la Girisi, kumene anapita ndi sukulu. Akuti kumeneko zivomezi zimakweza mapiri, mvula n'kumakumba zigwembe. Koma alimi anamanga mipanda ya miyala m'mapirimo, ndiye dothi silikokoloka.

Ndinadzitama kuti agogo akenso, malemu bambo athu, anamanga chimodzimodzi kumunda kwathu ku Dedza. Nditamuonetsa chithunzi cha mundawo munatumiza chija, anafunsa, "Adadi, miyalayo ili kuti?"

Ndamva kuti munaigumula n'kumangira khola la nkhumba. Zoona, achimwene? Pachithunzipo chigwembe chalunjika kumanda!

Mulungu akusungeni, koma bwezerani miyalayo mvula isanafukule bambo.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane