Batani la a Tcheyamani

Lolemba, 5 Ogasiti 1991

Ng'oma zilire, Dowa yense amve: kompyuta ya pa ofesi yathu ya ulimi lero yaikidwa ubongo watsopano. Wakale uja, 286, wapuma pa ntchito wopanda penshoni. Walowa 386, mphatso ya azungu a pulojekiti. Katswiri wa ku Lilongwe wabwera, wamanga, wadya nkhuku yathu, wapita. Kutsogolo kwa bokosi kuli kawindo kowala nambala yofiira: 33. Liwiro lake limenelo. Wakale ankakwawa pa 12.

Ndaiyesa ndekha. Mphezi. Lipoti la zokolola lija linkatipatsa mpata womwa tiyi latuluka ndisanapeze supuni.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Mwambo wotsegulira. Kuno ngakhale chimbudzi sichilandira mlendo riboni isanadulidwe. Abwera a Solomoni, Tcheyamani wa chipani m'boma lino, amayi ovina pambuyo. Ine, Danieli, mwini digiri ya masamu ya ku Zomba, bwana Elifala andituma ku sitolo ya a Husseni kukasenza makireti a Fanta. Pobwera, zonse zatha. Akuti a Tcheyamani anati: "Makina awa akuthamanga ngati chitukuko chathu." M'manja phwaphwaphwa.

Bwana alamula kalipentala kumata kathabwa kavanishi pamwamba pa mabatani akutsogolo: PANO PANADINA A TCHEYAMANI. Chatsala poyera ndi nambala yokha.

Lachitatu, 14 Ogasiti

A Tcheyamani sananame. Makina akuthamangadi ngati chitukuko chathu.

A Nabanda, mlembi wathu, amalemba mzere wonse, n'kupinda manja, n'kumaonerera zilembo zikubwera chimodzichimodzi ngati anthu ochokera kumaliro. Mayi amene zala zake zinkatha riboni ya taipi pa mlungu. Mmawa anandinong'oneza: "Achimwene, bwezerani gogo uja, ankayendako."

Nambala: 33. Yowala bwino, yosachita manyazi.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndafufuza kachilombo m'madisiki onse. Palibe. Ndachotsa mapulogalamu onse odzuka nayo pamodzi. Chimodzimodzi. Magetsi ndayeza, ali bwino. Fumbi ndapemerera ndi pampu ya njinga kudzera m'timabowo takumbuyo, poti bokosi lili ndi chidindo, wotsegula aphetsa galanti, ogulitsa sadzakonzanso ulere. Chatuluka ndi mphemvu imodzi yokha, nayonso yosafulumira.

Foni ya ku Lilongwe. Katswiri anangofunsa kuti nambala ikuti chiyani. Ndati 33. Iye: "Ndiye mukufunanji, bwana?" Wadula.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Lipoti la azungu lachedwa. Bwana Elifala aitanitsa msonkhano, natiphunzitsa nzeru zimene ku Zomba anaiwala kutipatsa. Makina sangachedwe, poti a Tcheyamani anati ndi othamanga. Nambala ikuchitira umboni. Ndiye wochedwa ndi munthu. Maso onse kwa a Nabanda.

Ndinakweza dzanja, ndinati mwina pali chovuta m'kati. Bwana: "A Yunivesite, mukuti chovuta chalowa liti? Asanadine kapena atadina?" Alexio, mesenjala wathu amene makutu ake amagona ku ofesi ya chipani, anasiya kupukuta tebulo. Dzanja langa linapeza lokha ntchito yokanda m'mutu.

Ndende ya andale ya Dzaleka ili pafupi kwambiri ndi ofesi ino. Munthu sungafune n'komwe galimoto.

Lachinayi, 29 Ogasiti

Zatuluka. A Nabanda awasamutsira ku shedi ya mbewu kumapiri a ku Ntchisi, akatayipe pa taipi yakale, poti "zamakono zawakanika". Nyumba ya ofesi atuluke pakutha pa mwezi. Ana awiri, wamkulu mayeso a Sitandade 8 ali pakhomo, ndipo kumeneko sukulu ili kutsidya kwa phiri. M'malo mwawo mukulowa Margareta, mwana wa mlongo wawo wa bwana. Zangochitika mwangozi, monga mwa masiku onse.

Loweruka, 31 Ogasiti

Ndakawathandiza kumanga katundu. Tikukulunga mbale m'nyuzi, akuseka za tsiku la mwambo lija. Kuti bwana anaopa makina angakane kuyaka pamaso pa alendo, ndiye anawayatsiratu n'kuphimba galasi ndi chitenje. A Tcheyamani anafunika chodina. Bwana anawalozera kabatani kapakati, "kaja kosagwira ntchito". Iwo dinu, a Nabanda chitenje vuu, nthungululu.

Mbale inatsala pang'ono kundipulumuka. Kapakati ndi TURBO. Kakalowa m'kati makina amathamanga 33, kakatuluka amatsika kufika pa 8, kuti mapulogalamu akalekale asachite chizungulire. Katswiri anakasiya kali m'kati. A Tcheyamani, ndi chala cha boma, anakatulutsa. Ndiye nambala ija? Amaitchera ndi timawaya pamanja, ndipo katswiri waulesi uja anatchera 33 mbali zonse ziwiri. Nambala yokhulupirika: imanena chimodzimodzi zivute zitani. Ikanakhala munthu bwenzi ili nduna.

Ndinaseka mpaka misozi. A Nabanda: "Mukuseka chiyani, achimwene?" Ndinati mphemvu ija.

Lolemba, 2 Sepitembala

Ndinalowa kwa bwana chiganizo chili chokonzeka pakamwa. Alexio ali pakhomo, akupukuta chitseko choyera kale. Ndinatuluka nditapempha envulopu.

Nzeru ina: ndingokhala chete, osakhudza kanthu. Margareta nayenso achedwe, onse aone kuti sanali a Nabanda. Kulimba mtima kwa munthu wamantha: kusachita kanthu mwamphamvu.

Lachisanu, 6 Sepitembala

Zikuyenda. Margareta amatayipa ndi zala ziwiri ngati nkhuku yotola mapira, komabe makina akumutsalira. Azungu aimba kawiri. Bwana akutuluka thukuta.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Nzeru za bwana zabwereranso. Makina sangachedwe. Margareta sangachedwe, ndi magazi abwino. Watsala ndani? "A Yunivesite, paja makinawa amayang'anira ndinu? Ena akufunsa ngati simukuchitira dala kuti muchititse manyazi chipani." Sananene enawo ndani. Sindinafunse.

Kunyumba mkazi wanga Iness, wa pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, anangoti: "Mwana uyu adzafuna bambo, osati ngwazi."

Lachitatu, 11 Sepitembala

Nthawi ya nkhomaliro, onse atatuluka. Sipoko ya njinga, kuipinda pang'ono, kuilowetsa pansi pa kathabwa kopatulika. Thi. Basi. Digiri yonse ya zaka zinayi, thi.

Mphezi yabwerera. Nambala, 33, ngati sinaone kanthu.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Chikondwerero. Lipoti lapita. Bwana akuyenda ofesi ndi ofesi: "Mwaona? Dzanja la mwana wamakono! Mayi uja anatichedwetsa mwezi wathunthu." Anditembenukira, akufuna umboni wa munthu wophunzira. Ndagwedeza mutu. Sindikudziwa kuti ndinaugwedezera mbali iti, koma iwo anakhutira.

Lachinayi, 26 Sepitembala

Dalaivala wa lole ya mbewu wabwera kuchokera ku Ntchisi ndi kathumba ka mbatata. Akuti a Nabanda atumiza, kuthokoza kuti ndine ndekha ndinakweza dzanja tsiku lija. Mnyamata wawo wayamba kujomba, phiri lamukulira. Akuti anafunsanso ngati makina anachira, ndipo atamva kuti akuthamanga, anati: "Ndiye kuti ndinalidi ine."

Iness waphika mbatatazo. Akuti ndi zotsekemera.