Dzina Lanu Lanyenyeka pa Chiliza

Amayi anga,

Kodi mukukhala bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Chamama tilipo, kungoti mtima wanga uli ndi mkwiyo. Koma ndiyambe ndi zabwino, paja munkadana ndi munthu woyamba madandaulo asanapereke moni.

Mdzukulu wanu Tadala wabereka mwana wamkazi, mphuno yake ndi yanu yeniyeni. Fodya wachita bwino chaka chino, zigafa zadzaza, ngakhale mphepo inasasula chimodzi. Mbuzi yanu yamawanga ija inagwidwa ndi fisi.

Tsopano nkhani ya chiliza chanu. Achimwene a Yotamu, poti sanabwere pamaliro, anatumiza miyala iwiri yosalazidwa bwino kuchokera ku Kepitawuni, kuti tisankhe umodzi wolembapo dzina lanu. Anandifotokozera pafoni. Woyerawo akuti ndi kokwina, zigoba za nkhono za m'nyanja yamchere zimene zinaunjikana n'kumatana. Ukauyang'anitsitsa tizigobato timaoneka, ndipo kukongola kokha sindingatsutse. Winawo akuti ndi gireyiwake, mchenga ndi matope zimene zinakokolokera pansi pa nyanja n'kuuma gwa. Ndi wotuwa moderako, wosasangalatsa, ngati phulusa lonyowa.

Ine ndinachita zimene munkachita pogula mphika. Munkati, "Lonesi, usamagule ndi maso, yamba wagogoda." Ndinagogoda ndi mpeni. Wotuwa unalira ngwee, woyera unangoti phu. Nditathira madzi, pa wotuwa anangotsetsereka, koma woyera unawamwa ngati buledi mu tiyi. Kuukanda ndi chikhadabo, unayamba kuyoyoka.

Ndinakawauza amalume a Gidiyoni, mlongo wanu, kuti tisankhe wotuwawo. Anandiseka, amayi. Akuti za kumanda si za akazi. Akuti inu munali mayi wa bulauzi yoyera ya kumpingo, ndiye mwala woyera ndi umene ukukuyenerani. Wosema zilembo naye anawaikira kumbuyo, akuti wotuwawo umabunthitsa tchizulo. Ine amene ndinkakutembenuzani pamphasa miyezi yonse ija, ndinauzidwa kuti ndipite kukathandiza ophika. Tsiku lovundukula chiliza anthu anaomba m'manja, amalume n'kumayenda monyang'wa ngati nkhono zija anakatola okha.

Dzinja ladutsa kawiri. Sabata yatha tinakaika a Nasimango, anzanu otunga nawo madzi aja. Paja kumanda sitilowa chilowelowe, timadikira maliro, ndiye anthu ali pakati pa nyimbo ndinazemba kuti ndikuoneni. Mayo ine! Mwala wachita ndere, wada, wadyeka ngati chimanga cha anankafumbwe. Pa dzina lanu la ESINATI patsala E ndi TI basi. Nditati ndipukute ndi chitenje, T uja anatsalira m'dzanja langa. Ndinalira mokweza, anthu n'kumayesa ndikulira a Nasimango. Dzinja lina likadutsa, khanda la Tadala lidzakula osadziwa kuti mwagona pati.

Nanga wotuwa uja mukudziwa kumene unapita? Amalume anakauika pansi pa jeke yawo yodindira mabelo a fodya, kuti isamamire m'dothi. Zaka ziwiri akuupanikiza, ulibe ngakhale kamng'alu. Ndiye kuti nawonso anaona umene uli wolimba, za bulauzi zija kunali kutiphimba m'maso. Munawalera inu amalume amenewa, munkawasungira ndiwo ife tikudya zotsala, lero dzina lanu lachepa pamaso pa belo la fodya. Zikundiwawa, amayi, sindibisa.

Lachiwiri masana ndinapita ndi wilibala n'kuutenga mwalawo aganyu awo akuona. Panopa amalume akulalata mudzi wonse kuti ndine wakuba. Alumbira kuti iwo ali moyo sadzandipemphera chilolezo cholowa kumanda, ndipo popanda iwo, monga eni mbumba, palibe angandimvere. Wosema uja nayenso wakana, akuopa kuyambana nawo.

Ndagula tchizulo changachanga. Ndikaweruka kosankha fodya ndimakhala kuseri kwa nyumba n'kumagogoda. Wosemayo sananame, mwalawu ndi wouma mutu ngati ine ndemwe. Zala zatupa, zilembo zikupindika, koma E ndi S zatuluka, ndipo sizidzachokanso.

Chatsala n'choti chipata cha kumanda chitseguke, ndipo chimatseguka ndi maliro okha. Mulungu andikhululukire, amayi, koma amalume chifuwa chawagwira chiyambire nyengo yozizira, ndipo ndikawamva akutsokomola kutsidya kwa mpanda, dzanja langa limafulumira pa nyundo.

Tsiku limenelo ndidzabwera nditasenza dzina lanu pamutu. Ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lonesi