Inde wa Madala Ometa

Lolemba, 3 Malichi

Tsiku lochapa ndi kulembera kunyumba. Malaya oyera asanu pachingwe m'bafa, osauma. Dzuwa la dziko lino limangowala, kutentha ayi.

Miyezi khumi ndi inayi ndili mmishonale kuno. Wobatizidwa palibe, ngakhale mmodzi.

Amayi alemba. Akuti dzulo anaimirira pamaso pa mpingo wonse n'kunena kuti mwana wawo akukolola miyoyo kunja. Anawauza ndani? Ine ndemwe. Sindinaname, ndinangolemba kuti ntchito ikuyenda. Mchere anathira okha.

Wotchi wandikumbutsa kawiri kuti nthawi yolemba yatha. Ndiye mnzanga wotumikira naye, ndipo lamulo likuti tisasiyane kupatula kuchimbudzi. Dzinalo ndinamupatsa ndine. Kudzuka 6:30, osati 6:31. Munthu wabwino, koma mwina ndi potafuna pomwe amayang'ana nthawi.

Lachitatu, 5 Malichi

Nyumba ya nsanjika zisanu ndi zitatu, chikepe chakufa. Mawondo! Tagogoda khomo ndi khomo, otsegula anayi okha. Mayi wina anafuulira m'kati: "Amormoni? Muno mulibe anthu!" Ndinaseka. Wotchi ayi.

Nsapato yakumanzere yayamba kumwa madzi.

Madzulo kwa Madala ometa tsitsi. Kashopu ka mipando iwiri, galasi long'aluka pakona, fungo la sopo ndi fodya. Akazi awo anamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo ali kudziko lina. Miyezi itatu tikuwaphunzitsa, miyezi itatu akutitsutsa. Lero akuti, "Mulungu wanuyo bwanji amatuma ana osamera ndevu kwa ine ometa ndevu?" Yankho ndinali nalo, koma m'chinenero cha kuno lilime langa limasanduka chikuni.

Komabe ndi pokhapo pamene ndimapuma.

Lachisanu, 7 Malichi

Avomera! Madala avomera!

Ndinangofunsa za ubatizo mwachizolowezi, ndikuyembekeza chipongwe cha masiku onse. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali kudzera pagalasi, n'kuti, "Chabwino. Sankha tsiku." Loweruka pa 22. Wotchi anagwetsa cholembera.

Pobwerera ndinasiya basi, ndinati tiyende pansi. Miyendo inkafuna kuthamanga. Chakudya chandikanika.

Lolemba, 10 Malichi

Ndawauza amayi pafoni. Anafuula mpaka foni inagwa, ndinkangoona denga la kwathu. Kenako nkhope ya amalume, kenako mlongo wanga ndi khanda lake lomwe sindinalinyamulepo. Amalume akuti, "Tinkadziwa, magazi athu sabwerera chimanjamanja." Iwo amene kutchalitchi amafika nyimbo yotsekera ili mkati.

Lachinayi, 13 Malichi

China chake sichili bwino.

Madala fodya asiya, monga mpingo wathu umafunira, kaliwo atsekera m'dirowa. Khofi asiya. Koma buku tinawapatsa lija lili pashelefu pamwamba pa malumo, kachingwe kake kali patsamba lomwe lija la mwezi watha. Fumbi. Ndipo kutsutsa asiya. Funso lililonse, "Inde." Mumakhulupirira zakuti? "Inde." Nanga zakuti? "Inde, inde." Ngati munthu amene akusainira katundu wa eni.

Wotchi akuti ndi mtendere wa mumtima. Mwina. Nanga wanga uli kuti?

Mpunga wapserera. Ndinaima pomwepo pachitofu, mutu uli kwina.

Loweruka, 15 Malichi

Ndinapita kukameta kuti patsikulo ndidzaoneke munthu. Wotchi pabenchi pafupi ndi zenera, maso m'malemba. Nsalu ili m'khosi, lumo lili pafupi ndi khutu, ndinafunsa chapansipansi kuti abambo, zoona mukukhulupirira?

Sanasiye kumeta. Mawu awo ndiwalembe ndisanawaiwale:

"Mwana wanga atapita kunja, chaka chonse palibe anamutsegulira chitseko. Ndikakuona iwe ndi nsapato yakoyo ndimaona iye. Unandiuza za mayi ako. Ine ndikanyowa pang'ono m'madzi, mayi ako agona tulo. Walakwiridwa ndani?"

Ndinawauzadi, tsiku lina mvula itatitsekereza mushopumo. Ndinkayesa sanamve, mmene ndimathyolera chinenero chawo.

Ndinangoti zikomo. Zikomo! Ngati wandipatsa madzi akumwa.

Lamlungu, 16 Malichi

Madala abwera kutchalitchi ndi jekete lakuda lonunkha m'sutikesi. Anthu athu kuno ndi ochepa, onse anawapatsa moni kawirikawiri. Mayi woimbitsa nyimbo walonjeza keke. Zovala zoyera za ubatizo zapezeka, thalauza lalitali pang'ono, akuti apinda.

Lachinayi akubwera mkulu wathu kudzawafunsa mafunso a ubatizo. Adzati inde, inde, inde. Palibe adzadziwe. Ine ndekha, ndi Iye amene dzina lake ndavala pabaji ya pachifuwa.



Mwina madziwo adzagwira ntchito yake? Mwina ndikungofuna chithunzi chotumiza kwathu?

Lachiwiri, 18 Malichi

Ndamuuza Wotchi, pamalo odikirira basi. Ndinkayembekeza kuti atsegula kabuku ka malamulo. Basi inabwera, inatsegula zitseko, inatseka, inapita. Iye osasuntha.

Kenako: "Ine ndinabatizapo wina wotero, tauni yanga yoyamba. Anabwera kutchalitchi kawiri kokha. Pambuyo pake akationa ankawolokera tsidya lina la msewu, manyazi. Tinali mabwenzi."

Miyezi inayi chipinda chimodzi, osadziwa. Ndimamuyesa makina.

Akuti sandikakamiza. "Koma ukaganiza zonena, ukanene ndiwe. Amakonda iwe."

Lachitatu, 19 Malichi

Ndanena.

Ndinaloweza mawu m'mawa wonse, koma pakhomo onse anabalalika. Ndinati abambo, musalowe m'madzi chifukwa cha ine. Dikirani mpaka zikhale zanu, kaya sizidzakhala zanu, ine ndizibwerabe.

Nkhope inasintha. Akuti, "Ndakhala zaka zambiri wopanda chopatsa munthu. Lero ndapeza, iwe ukundibwezera kumaso?" Anatsegula dirowa, anatulutsa kaliwo, anayatsa ife tikuona. Kenako anatsegula chitseko n'kuima pambali.

Tinatuluka ngati nkhuku zonyowa. Kasitomala amene ankadikira anayang'ana pansi.

Ngati ndachita zabwino, bwanji zikuwawa ngati ndaba?

Loweruka, 22 Malichi

Tsiku lija. Dziwe la ubatizo louma. Zovala zoyera ndazibweza ndekha m'kabati. Keke inali itaphikidwa kale, mayi woimbitsa nyimbo anangotikulungira osafunsa kanthu. Kusafunsako n'kumene kunandilasa.

Tadutsa pashopu kawiri. Anali ndi munthu pampando. Anationa pagalasi, sanatembenuke.

Masana foni ya a pulezidenti a mishoni. Ndikusamutsidwa Lachiwiri, tauni ina, maola asanu ndi limodzi pasitima. Wotchi atsala. Ndinalonjeza Madala kuti ndizibwerabe. Bodza lina, losafuna.

Lolemba, 24 Malichi

Ndalembera amayi zoona zonse. Kuimba foni ndinaopa, nkhope zija. Mizere isanu ndi umodzi, ola lathunthu.

Sutikesi yakana kutseka. Bulangete ndamusiyira Wotchi. Akuti azidutsa kwa Madala Lachitatu lililonse, ngakhale azingomuonetsa msana.

Sindingakhale pansi. Ndasesa kawiri.

Lachiwiri, 25 Malichi. M'sitima.

Amayi ayankha. Ndawerenga kanayi, sitima ikugwedeza.

Za manyazi a kumpingo sananenepo kanthu. Za amalume ayi. Alemba izi:

"Mwana wanga, ndikuuze chimene ngakhale malemu abambo ako sanadziwe. Ine ndinalowa m'madzi chifukwa cha iwo, ndinkaona mmene ankafunira. Mumtima munalibe kanthu. Chikhulupiriro chinandipeza patapita zaka zisanu ndi ziwiri, iwe uli kumsana. Akanandiletsa tsiku lija sindidziwa ndikanakhala kuti. Sindikuti walakwa. Sindikutinso wakhoza. Uzidya."

Amayi anga. Amene amayamba kuyimba woimbitsa asanakweze dzanja.

Panja minda, mafakitale, mindanso. Mwamuna wa mpando wa patsogolo panga wayang'ana baji yanga kangapo, ndikudziwa ndiyenera kumulankhula.

Ndang'amba pepala kumapeto kwa kope lino, ndayamba kalata ya Madala. Moni ndalemba. Mawu oti pepani m'chinenero chawo ndikuwadziwa bwino, ndi amene ndinayamba kuphunzira. Koma sindikudziwa ngati ndi amene ndikufuna kulemba. Cholembera chili m'mwamba kuyambira siteshoni yapita ija, ndipo...