Wosungunula Mchere

Lolemba, 3 Malichi, South Bend

Dandaulo lapadera, lopita kwa ine ndemwe poti khoti lina palibe. Ine Theresa, wa PhD chaka chachinayi, ndikulengeza mwachisoni kuti Bizwick, mnzanga wa mu labu, wabweza kope langa la kafukufuku lili ndi chidindo cha kapu ya khofi pa tsamba 47. Sabata yathunthu ali nalo. Pepani osanena. Akuti, "Achemwali, ndimangofuna kuphunzirako." Munthu woti ndinakamulandira ndekha ku eyapoti akufika kuno ku America, jekete lachisanu n'kumubwereka.

Lachitatu, 5 Malichi

Membuleni nambala 31 ikadali moyo! Kansalu kopyapyala ngati khoko la anyezi. Pampu ikankha madzi amchere mbali ino, mbali inayo atuluka oti n'kumwa. Maola 200, mankhwala a kolorini amene anapha zinzake makumi atatu osaiopsa. Zaka zanga zitatu ndi zimenezi. Pulofesa, amene mu labu amaoneka ngati kadamsana, anati likangosindikizidwa pepala limodzi la kafukufuku dzina langa lili patsogolo, ndamaliza sukulu. Apo ayi, sindimaliza, ndipo viza ikutha mu Ogasiti. Ndavina ndekha pafupi ndi sinki.

Lachinayi, 13 Malichi, Indianapolis

Msonkhano wa akatswiri a za madzi. Labu inatumiza mmodzi, Bizwick, akapulezente zake za mapampu. Ine ndayendetsa galimoto ulendo wonsewu osamuuza, kudzaombera m'manja mwana wakwathu. Ndakhala kumbuyo.

Silaidi yachitatu: 31 wanga. Manambala anga a pa tsamba 47. Maina: Bizwick ndi Pulofesa. Silaidi yomaliza: "Tikuthokoza Theresa potisungunulira mchere."

Ndaomba nawo m'manja. Manja opanda nzeru.

Lachisanu, 14 Malichi, Lawrence

Kwa Flora, nesi, mnzanga wa ku tchalitchi. Akuti, "Zisiye iwe, tilipo ochepa kuno, mudzafunana pamaliro." Bizwick watumiza uthenga: "Musakwiye achemwali, lamveka ndi dzina la Malawi." Zoona. Koma Malawi viza yake siikutha mu Ogasiti.

Ndalira m'galimoto, pang'ono, mwaulemu.

Lachiwiri, 18 Malichi, South Bend

Ndalowa kwa Pulofesa, kope m'manja. Tsamba lililonse deti lake, siginecha yanga. Avundukula tsamba ndi tsamba. Kani Bizwick anawauza kuti nzeru inali yake, ine ndimangothandizira. Akuti Lachisanu tikhale atatu, ndibwere ndi zimene ndikufuna zitalembedwa.

Zalembedwa. Choyamba, dzina langa patsogolo. Apa sindisuntha, kaya Amalawi a muno mu Indiana yense asiye kundipatsa moni.

Chachiwiri, chipepeso. Pa udindo wosungunula mchere ndatula pansi. Kuyambira Lolemba, Bizwick azikatunga yekha madzi enieni amchere ku nyanja ya Atlantic, wapansi, ndowa pamutu, popanda nkhata. Likadonthera ngakhale dontho limodzi ku Ohio, atatsala pang'ono kufika, abwerere akayambirenso.