Mfuti Yokokera Kumanzere

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Bangwe tilipo. Achemwali anachira, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Ndi wolongolola ngati eni dzinalo, musakwiye. Kachimanga kakuphiri kaja kanabereka, ngakhale akuba ndiwo anayamba kulawa. Abambo maso akunka nafooka, koma makani ali pomwepo. Akuti akuona bwinobwino, chonsecho dzana anathira mchere mu tiyi.

Nkhani yaikulu nayi. Kuntchito kwanga kwa yunifolomu, kupolisi kuja simunkakufuna, kuli mayeso owombera pisitolo Lachisanu. Okhoza atsala m'tauni muno, olephera atumizidwa kutali. Ndiye tangoganizani, Abambo ndiwasiyira ndani?

Poyeserera zinandivuta. Ndikaloza pakati pa pepala lowomberapo, zipolopolo zonse zikugwera kumanzere. Anzanga ankaseka kuti dzanja langa likunjenjemera, ndipo ndinapsa mtima, mukundidziwa. Koma nditayandikira ndinaona kuti mabowo onse aunjikana malo amodzi, oti n'kuphimba ndi chikhatho. Pomwepo ndinakuonani muli pamakina anu osokera pakhonde paja, mukundiuza kuti, "Msoko ukamakhotera uku ndi uku, vuto ndi iwe. Ukamakhotera mbali imodzi tsiku lililonse, funsa makina."

Sindinathamangire kuweruza mfuti. Ndinayamba ndatsamiritsa manja pathumba la mchenga, kupuma bwino, n'kuwomberanso. Kumanzere komweko.

Mfuti iyi, Amayi, ili ndi tizitsulo tiwiri pamwamba, toyang'anira poloza. Kakutsogolo ndi kosongoka, kakumbuyo kali ndi mpata. Umayang'ana kakutsogolo kudzera mumpatamo, monga munkapisira ulusi pasingano. Kakumbuyo kaja kanali katasuntha, mwina pa tsiku lomwe ndinaterereka m'matope ku Chilobwe. Lamulo lake ndi losavuta: kakumbuyo umakasunthira komwe ukufuna chipolopolo chipite. Ndinapempha chilolezo kwa abambo osunga mfuti, tinachotsa zipolopolo zonse, ndinalemba kamzere ndi pensulo kuti ndione pomwe kanali, kenako n'kukagogoda ndi kachitsulo kamkuwa kupita kumanja. Koyamba ndinapyola muyeso, phuma langa lija munkalidandaula. Ndinakabweza pang'ono, ngati kukula kwa tsitsi. Tsopano mabowo akukhala pakati penipeni.

Lachisanu ndikhoza, Amayi. Zimenezi sindikukayika n'komwe.

Koma ndikudziwa kuti nkhani ya mfuti sikukusangalatsani. Tsiku lomwe ndinavala yunifolomu koyamba simunalulute. Munangondikonza kolala n'kunena kuti, "Aliyense woyenda mumsewumu ali ndi amake." Mawu amenewa anandipweteka, ndinkaona ngati simukundinyadira. Ndawamvetsa ndili pa pepala lija. Mumsika wa Ndirande anthu amachita kukhudzana mapewa. Mfuti yokokera kumanzere siphonya chabe, imapeza amene waima pambali, mwina mayi wogulitsa tomato, mwina mwana wobwera kusukulu. Mpaka lero sindinalozepo munthu, ndipo ndimapemphera kuti ndidzapume ntchito zili choncho.

Loweruka ndibwera ndi Abambo kudzalambula pamanda panu, ndipo ndidzakuuzani kuti sindikusamuka. Ndikulonjeza kuti chala changa chizikhala kutali ndi kachitsulo kokoka powombera mpaka nditaona bwino amene waima kumanzere, chifukwa nayenso ali ndi amake.

Ine anga ndilibenso, n'chifukwa chake ndikudziwa.

Ndimakukondani kwambiri,
mwana wanu wamakani uja,
Tiyamike