Njinga Ikugona M'chipinda Chanu

Amayi anga, kaya muli bwanji uko munapitako?

Ndine Wedisoni. Kuno ku komboni ya George chisanu chavuta chaka chino, kuposa Juni uja tinakuperekezani ku manda a Chingwere. Ndikulemba ndili pakhonde, kuthamangira kadzuwa kasanachoke pakhoma, poti m'nyumbamu mulibe wocheza naye.

Ndiyambe ndi zabwino. Achemwali anga a Esinati anachira mu Epulo, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Ine ndinamva kwa amayi ogulitsa makala aja, mwanayo sindinamuonebe. Kamunda kanu kakuseri kanabala maungu asanu ndi awiri, ndinadya awiri, enawo ndinagawira anansi. Magwafa anu ana a m'komboni amawamaliza asanapse. Ndinasiya kuwathamangitsa, phokoso lawo limandithandiza.

Mlandu wanga mukuudziwa. Munkati mukadzatisiya tidzakutengereni kwanu ku Ntcheu, kutali kutsidya kwa malire, mukagone pafupi ndi amayi anu. Koma munamwalira mwezi womwewo umene fakitale yathu ya ku Heavy Industrial inagulitsidwa, ife n'kutipatsa kangachepe m'manja, geti n'kutseka. Kangachepeko kakanakwana galimoto ya maliro. Ine ndinaopa njala. Ndinakuikani konkuno, kenako ndinagula njinga. Achemwali anandiuza pamaso pa anthu kuti, "Iwe, wasinthanisa bamai na njinga!" Chichokere tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pano.

Njingayo simunaione. Ndi ya salaula, yogwirako kale ntchito, imodzi mwa zija zabwera masiku ano pamodzi ndi majekete a azungu, ya matayala onenepa, akuti yokwerera mapiri. Foloko yake yakutsogolo si chitsulo chouma ngati ya njinga ya malemu abambo. Ili ndi mashoko, ukagunda mwala imalowa n'kubwerera yokha. Ndinamangirira bokosi pa handulo, ndipo ndimakatenga mazira ku mafamu a kumadzulo n'kumaperekera m'tuntemba, timagolosale ta m'mbali mwa msewu tija. Miyala ya kuno mukuidziwa. Anzanga a njinga zouma amafika mazira ena ataphwanyika, koma ine dzinja lonse sindinaswe ngakhale limodzi. Mtima ukayamba kundiimba mlandu ndinkadzitonthoza ndi mawu anu aja, akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndiye sabata yomwe munakwanitsa chaka m'manda, foloko inauma. Ndinanyamuka m'mamawa kukuzizira koopsa, zala zosamva kanthu. Pobwerera ndinagunda kamwala ka pampopi paja, kamene ndimakadutsa tsiku ndi tsiku, handulo n'kundimenya m'manja mpaka m'mapewa. Mathireyi awiri anasanduka phala. Mawa lake chimodzimodzi. Chondizunguza mutu n'chakuti masana ndikaidina inkabwerera bwinobwino, ngati ikundiseka.

Nkhani siichedwa m'komboni. Inakafika kwa achemwali ku Chawama, iwo n'kutuma alamu. Alamuwo anakana ndi mpando womwe, analankhula ali chiimire: "Ba sisi banu bakamba ati ni bamai bagwila njinga. Ati muigulise, apo ayi muzagwa nayo pa msewu."

Amayi, musandiseke. Ine woimba kwaya, ndinakhulupirira. Ndani wina akanasankha sabata imeneyo? Ndinabwera ku Chingwere, ndinalambula manda anu, ndinakupepesani mokweza mpaka okumba manda anaima n'kumandiyang'ana. M'mawa mwake foloko inali gwa ngati dzulo. Ndinati basi, mwakana. Patatha masabata awiri ndikuswa mazira, ndinalawirira nayo kwa ba Yusufu, nkhalamba yachiyao yokonza njinga pamsika wa Matero ija, kuti aigule.

Anaidina foloko ija, koma sinasunthe. Anandifunsa chimene ndikugulitsira njinga yabwino chotere, ndipo ndinawauza zonse, za Ntcheu zomwe. Sanaseke. Anangoikankhira pafupi ndi mbaula yawo n'kundithirira tiyi. Titamaliza kumwa anati, "Idineni manje." Ndinaidina, inalowa n'kubwerera ngati sinavutepo. Anatsegula kachivundikiro ka pamwamba, anapisamo chala, chinatuluka chakuda bii.

"Nindani anafaka girisi iyi?"

Ndinali ine. Pochoka ku fakitale ndinatuluka ndi chitini cha girisi wa makina, ndipo ndinkamupaka mowolowa manja, ndikuyesa ndikuisamala njingayo.

"Iyi ni ya vimashini vokupya, ba Phiri," anatero. "Ikamvela mphepo imakosa, kuuma gwa monga sopo. Na malaba ya mukati yamauma kukazizila. Si bamai banu iyayi, ni Juni chabe."

Anapukuta zonse, anapakamo mafuta opepuka, n'kundilangiza kuti isamagone panja, ndizinyamuka dzuwa litatuluka, ndipo poyamba ulendo ndizipalasa pang'onopang'ono kuti ifunde kaye. Manyazi anandigwira. Zaka zonse zija ntchito yanga inali yopaka girisi, koma makina athu sankazima, ndiye girisi wozizidwa ndinali ndisanamuonepo.

Munkati chokudyetsa sichigona panja. Chipinda changa n'chopanikiza, choncho ndinatsegula chanu, chimene chinali chitsekere kuyambira pa maliro. Munali fungo la mafuta anu odzola. Njingayo tsopano imatsamira bedi lanu, ndipo foloko ndimaifunditsa bulangeti lanu lofiira lija. Mazira akufika amphumphu. Ndatumiza mawu kwa achemwali kuti njinga sindigulitsa, ndi chifukwa chake ndafotokoza. Sanayankhe.

Koma ndinene zoona, Amayi. Pochoka kwa ba Yusufu sindinakwere. Ndinayenda wapansi kuchokera ku Matero mpaka kuno ndikukankha njinga yochira, misozi ili chuchuchu, anthu n'kumandipatukira. Masabata awiri aja ndinkadzuka ndi mantha, inde, koma ndinkadziwa kuti pali munthu amene akundiona, amene ndamukwiyitsa. Handulo ikandimenya m'manja ndinkati ndi inu mwandigwira. Chichokereni inu, panalibe wina anandigwirapo dzanja. Tsopano andiuza kuti kunali kuzizira chabe, ndipo sindikudziwa ngati munandikhululukira, kapena mwangondikhalira chete ngati achemwali. Ndasungulumwa, Amayi. Kukalipa kwanu kunali bwino kusiyana ndi zii ameneyu.

Ndikukulonjezani kuti kukafunda ndidzapita ku Ntcheu ndekha, ndikagwade pamaso pa amalume, ndikawauze kumene mwagona ndiponso amene anakugonekani kumeneko. Chimene akandigamulire ndikachita. Ndipo ngati muli ndi mawu oti mundikalipire, chonde musadikire Juni.

Ine mwana wanu wokukondani,
Wedisoni