Mwendo wa Atate

Lolemba, 8 Juni 1998

Ndabwerako ku Lusaka. Adokotala akuti magazi anga amaundana msanga, timibulu n'kutseka njira imene mwana amadyera m'mimba. Mwina n'chifukwa chake ndapita padera kanayi. Akuti ndi za kumtundu. Anandifunsa ngati kwathu alipo anatupapo mwendo umodzi. Ndinati kaya. M'basi, tisanafike ndi pa Chongwe pomwe, ndakumbukira mwendo wa atate.

Lachitatu, 10 Juni

Mimba inoyi miyezi iwiri. Jekeseni woletsa magazi kuundana m'mawa ndi madzulo mpaka kuchira. BaKingsford, amuna anga, akaphunzira kubaya kukiliniki ku Rufunsa. Wobayidwa ndine, wowalimbitsa mtima ndinenso.

Loweruka, 13 Juni

Ndinapita kwa atate. Ndawapeza akusoka thumba la makala, mwendo wotupa uja atausanjika pampando. Zaka zonsezi amati anaponda mankhwala kumunda.

Ndawafotokozera za adokotala zija pang'onopang'ono. Kenaka okha ayamba za mlongo wawo, aEdness, amene ine sindinawaone. Mimba zawo zonse zinkangochoka, mwamuna n'kuwabweza kumudzi. Anamwalira akudandaula chifuwa, mwendo uli wotupa.

"Ndiye kuti ndakupatsa ndine, Marjory?"

Ndati palibe amasankha magazi. Asiya thumba singano ili pomwepo, alowera kudimba.

Lamulungu, 14 Juni

Atate kutchalitchi sanabwere. Ndikanangokhala chete kodi? Koma Rosina, mng'ono wanga, ukwati wake ndi mu Ogasiti. Akalowe m'banja osadziwa, ngati ine?

Lachiwiri, 16 Juni

Pamimba mabala akuda a jekeseni. Magazi sindinaone. Zikomo Ambuye.

Lachinayi, 18 Juni

Ndikuyala tomato pamsewu m'mawa, ndangoona atate akubwera akutsimphina, atavala jekete la kutchalitchi. Rosina pambuyo ndi kachikwama.

"Tikupita kuja unapita iwe. Akaone magazi a mng'ono wakoyu. Anga omwe akatenge."

Ndawauza dzina la adokotala ndi khomo lolowera. Takhala pabenchi kudikira basi. Itatulukira pakona, aimirira, maso ali kumsewu, n'kufunsa motsitsa mawu:

"Nanga mlendo wathuyo ali bwanji?"

Mimba zinayi zija sanafunsepo. Kwathu bambo safunsa zotere.

Ndati, "Alipo, atate."